Anesi a Tsinya

Ku sikelo amayi amanditcha anesi a tsinya.
Sadziwa kuti ndimamva.
Amanong'onezana pa benchi, ana ali kumsana:
pemphera usagwere kwa aja, aukali aja.
Koma ine sindinakwiye.
Nkhope ndiyo inakwiya yokha osandiuza,
mizere iwiri pakati pa nsidze,
yozama ngati mopita malole a matabwa
m'matope a ku Chikangawa.

Woyambawo ndikudziwa kumene unachokera:
kusaka mtsempha pa kadzanja ka khanda
magetsi atazima, foni nditailuma kuti iwunikire.
Wachiwiri ndi wa bambo a Vitumbiko,
amene anakwera basi ya ku Joni
n'kundisiyira nambala yongoyankha Chizungu.

Suzgika ndiye anabwera ndi kapepala.
Akuti kuseri kwa msika wa Taifa, chipinda cham'mwamba,
kuli mayi wa kasingano kakang'ono.
Kubaya kasanu, mphindi khumi,
miyezi inayi uli mtsikana.
Ndinamuyang'anitsitsa akuseka.
Pakamwa pankaseka, masaya akuseka,
chipumi chokha chili duu
ngati mlendo wosamva chinenero cha eni nyumba.

Loweruka ndinakwera sakaramento kuchoka ku Chibavi.
Nkhungu inali itameza nsonga za mitengo,
kamvula kowaza kakulowa m'khosi mwa juzi.
Mnyamata wopalasa anacheuka pa chitunda cha Katoto
nati, mama, ndakulakwirani?
Ndinati palasa, nkhope yanga ndi yomweyi.

Ine amene ndabaya theka la Mzuzu,
ntchafu za makanda, mapewa a asilikali,
matako a aphunzitsi anga omwe,
ine wonena kangoluma ngati nyerere
ka makumi anayi pa tsiku,
ndinakhala pa mpando wachikopa uja
mawondo akuwombana.

Ndinapempha kuona kabotolo.
Zilembo zake sindinathe kuziwerenga.
Ndinafunsa tsiku lotha mphamvu.
Ndinafunsa kuti Lachiwiri, magetsi atapita tsiku lonse,
kanagona pati.
Ndinafunsa za chiphaso, khoma linali ndi kalendala yokha.
Nanga chikope chikagwa, diso n'kutsinzina theka,
ndidzakupezani pano?
Mayiyo anamwetulira ndi mano okha:
mumaganiza kwambiri anesi, n'chifukwa chake tsinya.

Sananame.
Ndinatsika masitepe ndalama zili m'kamisolo,
zofunda, zonyowa ndi thukuta.

Musaganize kuti ndinapambana.
Usiku ndimapaka mafuta, kusisita ndi chala chachikulu,
kenako n'kumata pulasitala pamphumi
ngati ndikutseka bala.
M'mawa pamakhala see mpaka madzi osamba atawira.
Ndikamafika pa geti mizere yabwerera kale,
alendi osamva kuthamangitsidwa.
Dzina langa lili m'buku la dokotala wa khungu ku Central,
Lachinayi la mawa.
Iyeyo mwina ayankha mafunso anga onse.
Mwina ndipita. Ndasintha kale tsiku kawiri.

Amati wamwayi ali ndi mphumi.
Yanga inalimidwa,
mizere iwiri, palibe anabzalamo kanthu.
Ndimaifuna itachoka, ndisaname.
Ndimafuna chithunzi chimodzi chokha
pa ukwati wa Vitumbiko
chimene anthu sadzafunsa kuti mkamwini sakumufuna kodi.
Koma ndimaopanso nkhope yosandimvera,
yoti mwana akatentha thupi pakati pa usiku
mayi ake n'kundiyang'ana
osapezapo nkhawa yanga.

Lolemba kunabwera kamtsikana ka miyezi isanu ndi inayi,
katemera wa chikuku.
Nditawerama kufuna mkono,
kanatukula chala chamalovu
n'kuchiika mumzere wakumanzere,
n'kuchitsetsa mpaka pamphuno
monga achitira ana ndi mng'alu wa pakhoma.
Mayi ake anadzidzimuka, pepani anesi, pepani.
Ndinati musiyeni.

Ndinadikira kamalize.
Kenako ndinakabaya, kanalira,
ndipo ndinamva nsidze zanga zikusendererana
monga mwa masiku onse.