Msewu Umene Lorne Anaupala

Tinagulitsa nyumba ya ku Whitehorse m'mwezi wa Meyi
n'kugula ina ya matayala sikisi.
Bedi kumbuyo, chitofu cha gasi pakati,
ndipo chiwongolero, koyamba m'zaka makumi anayi,
chili m'manja mwanga.

Lorne wakhala kudzanja langa lamanja.
M'maso mwake munagwa nkhungu
imene adokotala anaipatsa dzina lalitali.
Phiri saliona, amangoti mbali iyi kuwala kwachepa.
Koma msewu uno anaupala yekha ndi giredala
zaka makumi awiri ndi zitatu,
choncho amaumvera m'chiuno, kudzera mu mpando.
"Chepetsa, Marguerite, kutsogoloku pamaterera."
Ndichepetsa. Pakhota.
Paterera ndithu.

Phula linatithera dzana.
Makapu akukangana m'kabati,
mpeni wa buledi wathawa m'dirowa kawiri,
fumbi lalowa mpaka mu shuga.
Mitengo yayamba kufupika,
ina yapendama ngati anthu ochokera kumowa,
kenako yatha yonse, psiti,
kwatsala mapiri otuwa ndi mphepo yosapuma.

Tayala linaphulika masana.
Ndinagwada m'matope ndi jeke,
udzudzu uli wirikiti m'khosi ndi m'makutu.
Iye anapapasa manati ndi zala,
akuwawerenga ngati ana ake.
Analephera kumasula lachinayi, natukwana,
kenako anakhala chete, sipanala ili pamwendo.
Chete ameneyo ndimamuopa kuposa chimbalangondo.

Lole ya mafuta inaima patapita maola awiri.
Anatsikamo Velma, mayi wa ku Fort McPherson,
wamfupi, chingamu m'kamwa.
Anaponda sipanala kamodzi, nati linalira.
Atayang'ana Lorne anati,
"Si inu munatikoka m'chipale chaka chija,
ine ndili kamwana, bambo anga akulira?"
Lorne sanakumbuke.
Koma anawongola msana,
ndipo nsomba youma imene anatipatsa
anaidya pang'onopang'ono, ngati malipiro ochedwa.

Usiku kuno subwera.
Wotchi ikuti leveni, dzuwa likungoyenda chammbali
m'mphepete mwa phiri, kukana kulowa.
Ndapachika matawulo m'mawindo, tulo takana.
Madzi mu thanki atsala a tiyi kawiri.
Foni inafa kalekale, ana athu sakudziwa pamene tili,
ndipo ndadzipeza ndikukondwa nazo,
zimene sindidzawauza.

"Ndiuze zimene ukuona," watero,
takhala pakhomo, miyendo ili lendelende.
Ine si munthu wa mawu, ndinali wowerengera ndalama.
Ndati phiri. Ndati phiri lina.
Ndati chipale chatsalira m'mikwasa ngati ufa m'mizere ya chikhatho.
"Nanga kumunsi, kumtsinje?"
Kumunsi kuli tinthu tikuyenda,
ndinayesa miyala, koma miyala siyenda.
Nyama za nyanga zanthambi, makumi atatu kapena anayi,
zikuwoloka mwakachetechete, ana pakati.
Ndayamba kuziwerenga mokweza.
Wandigwira dzanja. "Usawerenge. Tamvera."

Ndamvera.
Ziboda pa nsangalabwi, kutali, waka waka,
khwangwala mmodzi akudandaula,
chitsulo cha injini chikuzizira, the, the, the.
Iye anazimva kale ine ndisanazione.

Mawa kuli mtunda umene amautchula ndi ulemu,
wokwera mokhotakhota, wopanda chotchinga m'mbali.
Akuti ndiike giya yachiwiri ndisanafike pa mlatho,
ndisayang'ane kuphompho, ndiyang'ane kumene ndikufuna kupita.
Mawu amenewa anandiuzanso tili achinyamata,
pa nkhani ina, ine osamva.

Wagona tsopano, nsapato osavula.
Ndamufunditsa jekete, ndazimitsa gasi,
ndayang'ana tayala lotsala, ndi limodzi basi.
Mapu ndawapinda n'kuwaika pansi pa ketulo.
Kunja kudakali mbee,
ndipo msewu wake ukukwera, woterera, wopanda munthu,
mpaka pamene maso anga nawonso alekezera.