Katatu, Albano

Graciete amakukuta mano ali mtulo.
Zaka makumi atatu ndagona pambali pa chigayo chimenechi,
mpaka dokotala wa mano wa ku Cedofeita
anamuumbira kachikombole koonekera mkati,
kopepuka ngati chikhadabo,
koti azivala usiku, mano aleke kudyana okhaokha.

Ankakatsuka yekha.
Ine ndinkayendetsa tiramu m'mbali mwa Douro,
kukhitchini ndinkangolowako pofuna mchere.

Febuluwale uja dzanja lake lamanja linagona
osadzukanso.

Tsiku loyamba ndinathira sopo wa mbale wankhaninkhani,
wobiriwira, wonunkhira ndimu,
poganiza kuti thovu likachuluka
ndiye kuti ndamusamala.
Anakavala, nakalavulira pa bulangete.
Mawu ake masiku ano amatuluka chopendekera,
koma awa anatuluka ali chilili:
"Wandidyetsa sopo."

M'mawa mwake ndinamukokera mpando pafupi ndi sinki.
Dontho limodzi, Albano, si mtsinje ayi.
Sopo wopanda fungo, wopanda mtundu.
Madzi akhale ofunda ngati m'khwapa,
otentha akakhotetsa, sikalowanso m'mano,
ndipo dokotala uja pepani samulandira ngati ndalama.
Mswachi wofewa, wakewake, wa chogwirira chachikasu.
Mankhwala otsukira mano usayerekeze:
amakanda, ndipo litsiro limamanga nyumba m'mokandikamo.
Lowa m'kabowo kalikonse,
pamene pamakhala dzino lachibwano, thovu limabisala pomwepo.
Tsono tsukuluza.
Katatu.

Ndinati kawiri sikakwana kodi?
Anandiyang'ana ndi diso lija ankandiyang'ana nalo
ndikabwera mochedwa kuchokera ku mpira.

Matambula nawo mlandu wake ndi womwewo.
Mdzukulu wathu Telmo anamwa madzi a malalanje Lamulungu,
nakwinya mphuno:
"Agogo, akumveka ngati malaya ochapa."
Graciete anaseka ndi theka la pakamwa
mpaka misozi, mbali zonse ziwiri.

Tsopano ndimakweza tambula pa zenera
pamene kuwala kumadzera pamwamba pa madenga ofiira.
Madzi akatsetsereka onse pamodzi ngati nsalu, yayera.
Akatsalira timadontho tokakamira, bwerera nayo.
Ndimayendetsa chala m'mphepete:
ikaterera, sopo akadalimo;
ikalira tswii, yavomera.
Loweruka ndimaziviika m'madzi othira viniga pang'ono,
nkhungu yoyera ija ya pansi imasungunuka yokha.
Sindipukuta, nsalu imasiya ubweya wake.
Ndimazivundikira pa kathaulo,
mbali imodzi nditaitsamiritsa pa supuni
kuti mphepo ilowe.
Zimenezi sanandiphunzitse. Ndinatulukira ndekha.
Anaziona, sananene kanthu,
ndipo kwa Graciete kumeneko ndi kuwomba m'manja.

Pali china chimene sadziwa.
Ndisanamupatse kachikombole kake,
ndikatembenukira kukhoma,
ndimakakhudza ndi nsonga ya lilime.
Ndimafuna kumva zii.
Osati ndimu, osati viniga, osati manja anga.
Ntchito yonseyi, kuwerama konseku, msana kuwawa,
malipiro ake ndi oti pasatsale chizindikiro
choti ndinagwirapo.

Kenaka ndimakatsukuluzanso, kachinayi,
chifukwa cha lilime langalo.

Pa tiramu anthu ankandidziwa ndi belu.
Ndikaliza, msewu wonse unkapatuka.
Pano ndikalakwitsa m'pamene ndimadziwika,
ndikakhoza, madzi amangokoma ngati madzi.

Usiku mvula ikugwa pa Porto monga mwa nthawi zonse.
Ndamuveka kachikombole, kalowa kuti tswa.
Wayendetsa lilime uku ndi uku,
akufufuza mlandu.
Sanaupeze.
Tambula ya madzi ili pa katebulo, ku dzanja lamanzere,
yoyera moti mumdima
ndimaopa kuti aiphonya.

Chigayo chayambanso, koma chapansipansi,
ngati tiramu yomaliza ikukhota kutali ku Massarelos.
Zala zanga zakwinyika ndi madzi.
Ndazinunkhiza.
Palibe.