Ndikachotsa Phazi

Pokwera sivuta ayi.
Ndikaponda moto, Mazda ya bambo imalira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini,
n'kumeza msewu wa Parapara ndi makhota ake onse,
nkhosa zili mbuu m'zitunda, osacheuka n'komwe.
Koma ndikangochotsa phazi potsetserekera ku Whanganui
imayamba zake:
gwede, gwede, kutsogolo, m'mbuyo,
ngati mwana wokokedwa dzanja pomwe iye akufuna kutsala,
kenaka phuu! ku ekisozi,
galu wa pafamu n'kulowa kunsi kwa mpanda.

Bambo ankangoseka.
Ankati ndi chifuwa chabe, Hinewai,
injini yopanda mapisitoni ili ndi ufulu wotsokomola.
Ndi iwo omwe anazula zonse chaka chimene ndinabadwa:
timapaipi takuda tomwe anzawo ankatitcha chisa cha makoswe,
pampu yothira mpweya mu utsi, lamba wake,
mavalavu awiri kapena atatu.
Ati zoikira aboma izi, zimatsamwitsa galimoto.
Mabowo otsala anatseka ndi mabawuti ndi guluu wofiira.

Tinawaika m'manda mu Juni, mvula ikuwaza cham'mbali.
Mu Ogasiti ndinapeza katoni ya maapozi kuseri kwa firiji yakufa,
pamwamba atalembapo ndi choko: OSATAYA.

A Lindsay Kereama, makaniko wa ku Aramoho,
amene chala chawo chimodzi chinatsalira m'fani ya thirakitala,
anakhuthulira katoniyo pabenchi
n'kuyamba kusankhula ngati akusankha nyemba.
Taona, anatero. Ukachotsa phazi, khosi la kabureta limatsekeka.
Zipinda ziwiri zija, mozungulira zitsulo zangodya zitatu,
zimalimbirana kadontho kamodzi ka petulo.
Ichi chapsa, icho chaphonya,
icho chapsa, ichi chaphonya.
Kugwedezako ndi kumeneko.
Kavalavu aka kamauza chipinda chimodzi kuti
iwe puma mpweya wokha, mnzako adye akhute.
Aka kokhala ngati belu kamalandira chitseko kuti chisamenyetseke.
Bambo ako anasiya zonse zothamangira,
nachotsa zonse zothandiza kuleka.

Sindinayankhe.
Ndinali m'chipinda cha nambala sikisi,
ndikuwaona akusolola kapaipi ka mpweya m'mphuno,
nesi n'kubwezera, iwo n'kusololanso,
ati kakunditsamwitsa.
Usiku womaliza chifuwa chawo chinkakwera, n'kuima,
n'kudzidzimukanso,
ine ndikuwerenga mipata yake ndi zala.

Maloweruka atatu tinawerama pansi pa boneti.
Chithunzi chosonyeza njira za mapaipi chinali chitafufuta ndi kutentha,
buluu ndi wobiriwira zikuoneka chimodzimodzi.
Ndinagula mamita anayi a paipi yatsopano.
Valavu iliyonse ndinaiyamwa ndi pakamwa
kuti ndimve ngati kachikopa ka m'kati kakugwirabe;
imodzi inandipsompsona lilime, ina inali chitseko chapululu.
Tiyi wa a Lindsay ankamveka petulo,
kapena mwina ndi milomo yanga.

Lero ndatsika Parapara ndekha.
Pakhota loyamba ndachotsa phazi.
Myaa.
Singano yatsika pang'onopang'ono ngati munthu wodziwa masitepe a kwawo.
Fungo lija loluma m'maso, lomwe linkatsalira m'majuzi a bambo, kulibe.
Pakhota lachitatu khosi langa lauma lokha
kudikira kugwedezedwa,
dzanja lagwiritsa chiwongolero monga anandiphunzitsira,
koma palibe chabwera.

Ndaima pambali, pafupi ndi mathithi a Raukawa.
Ndatsekula boneti, injini ikung'ung'udza mwaulemu.
Kapaipi ka valavu ija n'kofunda, kochepa ngati chala cha khanda,
ndipo ndakapana ndi zala ziwiri.
Kukazula sikufuna sipanala.
Malole atatu a mitengo adutsa.
Lachinayi likubwera, likutsitsa magiya patali,
ine ndikadali chigwirire.