Msana wa Ajibu

Ndalipira kabaza kuchokera ku M'baluku,
bondo lamanzere likulira ngati chitseko cha shopu yanga,
kuti ndidzaone Lukia, mwana wanga, nambala naini,
akuponya mpira wa basiketibolo pabwalo la koleji.
Malo ndapeza pathabwa lachiwiri,
losanjikidwa panjerwa, lotentha ngati simbi ya makala.
Ndayala mpango. Ndakhala.

Refa waimba kherere,
ndipo bwalo lonse landisowa.
Pamaso panga pamera msana.

Ine ndine telala, misana ndimaidziwa:
uwu mapewa ake ndi mainchi makumi awiri,
malaya ofiira, msoko wa pakhosi wokhota,
ndipo wina walembapo ndi penti AJIBU,
J wake akuyang'ana kolakwika.

Achimwene, ndatero, tatikhalirani pansi.
Sanamve.
Ndamukoka malaya pang'ono, monga ndichitira poyeza kasitomala.
Watembenuka, thukuta lili chuchuchu:
Madala, pano si pachipatala podikira nambala.
Timu ikakhala pamoto, wochemerera sakhala pansi.
Anzake aseka. Wina wamenya chigubu.

Ndikanamuuza kuti thabwali ndi la tonse,
kuti kumbuyo kulinso maso,
kuti fizi ya mtsikana akumukuwirayo
yatuluka m'mapazi awa, opalasa makina mpaka usiku.
Koma mawu anga amira m'chigubu.

Ndiye ndaonera mpira pamsana pake.
Mapewa akakwera, ndiye kuti mpira uli m'mwamba.
Akagwa, wagunda chitsulo n'kubwerera.
Khosi likalowa m'malaya, alendo agoletsa.
Pakati pa chigongono ndi nthiti zake
pali kawindo kotseguka n'kutsekeka,
m'menemo ndaona nsapato za Lukia kawiri,
zija tinagula pakaunjika, zingwe zosiyana mitundu.

Pambali panga mayi wa mafiliziyesi akung'ung'udza:
Ana a masiku ano, sukulu yonseyi
osaphunzira kuti munthu si galasi.
Ndavomera ndi mutu. Tagwirizana, ife a pansi,
mtundu wa anthu oonera matako a anzathu.

Mphindi yotsiriza. Atiposa ndi imodzi.
Sindikuona, koma msana wauma gwa,
chigubu chaleka,
ndipo Ajibu wanong'ona ngati akupemphera:
Naini, naini, ponya, mwana wa eni.

Sindikudziwa amene wandidzutsa.
Bondo silinandifunse, nanenso sindinalifunse.
Ndapezeka ndili chilili, dzanja paphewa la Ajibu,
ndikuona Lukia akudumpha,
mpira ukuchoka kunsonga za zala zake,
ukuzungulira pachitsulo kamodzi, kawiri,
ngati ulusi wokana diso la singano,
kenako n'kulowa.

Ndakuwa mawu amene sindinawatulutsepo
chimwalirire mayi ake.

Apo ndamva chala chikundigogoda kumsana.
Kamtsikana ka yunifolomu ya pulayimale,
nzimbe m'manja, maso ofiira:
Agogo, mwanditchinga. Walowa?

Walowa, mwanawe.
Ndani waponya?
Naini.
Ine ndimafuna ndione naini, katero,
kuyambira m'mawa ndadikira naini.

Ndakhala pansi msanga, koma mpira watha.
Anthu akukhamukira m'bwalo, fumbi lili kobo.
Ajibu wandigwira mkono kunditsitsa panjerwa,
akuti, Madala, mwaona? Simukanakhala.
Ndamuuza abweretse malayawo Lolemba ndiwongole msoko,
J yekhayo ndiye sindingathe.

Kamtsikana kaja ndakafunafuna pachipata
kuti ndikaonetse Lukia pafupi, kamugwire dzanja.
Ndapeza makoko a nzimbe okha pathabwa lachitatu.

Pakabaza pobwerera bondo layambanso mlandu wake.
Wopalasa waimirira pamapedulo pokwera mtunda,
msana wake wanditsekera msewu wonse,
ine osanena kanthu.