Nambala Seveni

Usiku ku fakitale ya tiyi, ku Thyolo,
kompyuta imandiwerengera zonse:
kutentha kwa uvuni, chinyezi cha masamba,
kugunda kwa pampu ya kudamu.

Seveni yakhala ikulira chiyambire Lachiwiri.
A Nakhumwa akuti ndi nyerere zalowa m'bokosi.
"Ingoitseka, tiona mawa."

Ndachotsa kachizindikiro kamodzi basi.
Zii.
Pampu ikadagunda kutsidyako mumdima,
kungoti palibenso woifunsa kuti yaswera bwanji.

Tiyi wanga wazizira.
M'thumba muli foni, momwe dzina la Feliya
ndinalitseka pakamwa dzinja lathali
chifukwa ankangoti denga likudontha.

Isanakwane folo koloko
ndabwezera kachizindikiro kaja.
Seveni yayambiranso kulira.
Ndaisiya ilire.