Timitu Titatu

Ku Bvumbwe mwezi wa Juni dzuwa limachedwa,
chiperoni ndiye amalawira.
Ndimafika zala zitauma gwa,
ndimayamba ndaziuzira mpweya ndisanagwire kambano,
pakuti dzanja lonjenjemera limapha duwa.

Balere ndi mlendo kuno.
Mayi anga anangomumva m'tchalitchi,
ine ndakalamba ndikumuweramira.
Duwa lake ndi lamanyazi:
limadzikwatira lokha, chitseko chili chotseka,
osaitana njuchi, osauza mphepo.
Ntchito yanga ndi kufika ukwatiwo usanachitike,
nkhoswe yosaitanidwa.
Ndimadula ndevu za ngala,
ndimakanula kakhungu kobiriwira,
ndimazula timitu ta mungu titatu.
Titatu, osati tiwiri.
Ukasiya kamodzi, chaka chonse chanama.

Ndikatero ndimaveka ngala kathumba kapepala,
ndilembe ndi pensulo, inki imaopa mame.
Mkuja ndibweretse mkamwini wa mzere wina,
uja wosafooka ndi kutentha
koma wowonda ngati udzu wa m'mbali mwa msewu.

Ligineti, mwana wanga, ali ku Ndata.
Loweruka lina anabwera ndi jumbo
kudzapempha mankhusu amene timataya.
Akuti amawotcha mpaka phulusa liyere,
amatsuka, amasefa, amawotchanso,
kutsale fumbi loposa fumbi.
Mayi, tengani tsitsi lanu limodzi,
muling'ambe m'litali kazikwizikwi,
kachidutswa kamodziko ndiye munda wanga.
Amati nano.
Ndinaseka mpaka kutsokomola:
ine ndinkayesa zing'onozing'ono ndinazimaliza ndine.

Ndinamufunsa, unakaonapo?
Anati ayi. Makina oonera ali kutali,
fumbi lake ndi limene linakwera ndege,
mwini wake sanadutsepo Mwanza.
Patatha miyezi itatu chithunzi chinalowa pafoni,
chotuwa, timipira tounjikana
ngati mazira a chule m'chithaphwi.
Tinachiyang'ana tonse pakhonde mpaka batire kutha.
Akuti mwina, mawu ake ndi mwina,
tsiku lina tidzakola zoipa za m'madzi a pachitsime.

Mwina ndimamudziwa.
Ndagwira naye ntchito zaka khumi ndi zinayi.

Mzere wa makumi anayi ndi chisanu ndi chiwiri
unapirira dzimbiri la masamba,
sunagone ndi mphepo ya mwera,
a Dokotala Mulepa anauzungulira kawiri osalankhula,
ndiye kuyamikira kwawo kumeneko.
Lamlungu ukonde unang'ambika pakona.
Mpheta sizidziwa kuwerenga zikwangwani.
Lolemba ndinagwada m'matope
ndikutola zimene zinagwa pakamwa pawo:
njere khumi ndi imodzi,
zaka zisanu ndi chimodzi m'khwinya la chikhatho.
Sindinalire. Ndinawerenganso.
Zinali khumi ndi imodzi ndithu.

Lipoti likadzatuluka, ngati lidzatuluke,
dzina la Delifa Nikoloma mulibe,
mumangokhala mawu akuti ogwira ntchito m'munda.
Pena zimandiwawa, pena ndimaiwala.
Maso ndiwo sakuiwala:
chaka chino timitu tachitatu tikubisala,
ndagula magalasi pamsika wa Lachiwiri,
sindinauze a Dokotala.

Dzulo tinakumana pa siteji ya minibasi,
iye akupita ku Limbe kukatumiza fumbi lina,
ine ndikukasiya njere zanga kozizira.
Aliyense envulopu yake m'chikwama,
yopepuka ngati mulibe kanthu.
Kondakitala anafuna kuponya zikwama kumbuyo,
pamodzi ndi matumba a kabichi ndi nthochi,
tonse awiri tinakuwa kamodzi: Iyayi!
Anthu anatembenuka.
Bambo wina anafunsa ngati tanyamula ndalama.

Ligineti anandiyang'ana, ndinayang'ana pawindo.
Minda ya tiyi inali kubwerera m'mbuyo,
nkhungu isanayalule mphasa yake.
Ndinamva chala chake chikukhudza changa,
pamene kambano kanasiya chikang'a,
kenaka anafunsa, chapansipansi,
ngati chaka chamawa kudzakhalenso mankhusu.