Zala Zinayi pa Mlatho wa Linthipe

Pa mlatho wa oyenda pansi sitipalasa njinga,
timatsika n'kukankha.
Chikwangwani chimatero,
koma ine ndikanatsikabe chikanapanda kutero.

Matumba awiri a mbatatesi pakaliyala,
chisanu cha Juni chikuluma nsonga za makutu,
Linthipe pansipo akung'ung'udza ngati wokongoza wosabwezeredwa.
Ndimayenda mokhukhuza khoma.

Chaka chija madzi atakokolola mlatho wa mitengo,
uwu wa simenti utangouma,
kunabwera Nasibeko, woumba wa ku Dedza boma,
ndi ngolo ya dongo, mikono ili mbuu.
Anati khomali lisakhale buno bwamuswe,
aliyense wowoloka pano adinde dzanja lake.

Ena anati n'zaufiti,
akufuna kutikoka moyo kudzera m'zikhatho.
Amayi a tomato anafunsa ngati pali kangachepe.
Ana a pulayimale ndiwo anayamba, akukankhana,
kenako mlonda wa pachigayo, atalawa, anadinda kawiri,
namwino osavula mphete,
a shehe, a katekisiti, mnyamata wa chipisi ndi mafuta ake omwe,
ndi galu wa winawake amene sanaitanidwe
koma phazi lake lilipo mpaka lero.

Anakaziwotcha mu uvuni, n'kudzazimata mondondozana
kuchoka tsidya lino kukafika tsidya ilo,
pakati pake nsomba za zidutswa za makapu osweka
zikusambira kulowera kumsika.

Mukawerenga kuyambira ku mtengo wa bulugama,
dzanja la makumi atatu ndi chiwiri
lili ndi zala zinayi.
Alendo amaima, amajambula ndi foni,
amati dongo linathetheka pamoto,
kapena woumbayo anasinza.

Sanasinze.
Chala cha mkombaphala chinatsala ku Chongoni,
m'utuchi, pansi pa sowo, ine ndisanabadwe.
Ndi la a Kampanikiza, ocheka matabwa.
Bambo anga.

Cholembera sankachidziwa.
Pa makuponi a feteleza ankadinda chala chachikulu
nkhope atayang'ana kumbali
ngati awapeza ndi nkhuku ya eni m'jekete.
Koma tsiku limenelo anapinda malaya mpaka m'chigongono,
natsamira ndi thupi lonse,
mpaka mizere ya m'chikhatho inatsalira m'dongomo
ngati tinjira ta mbuzi paphiri.
Anafunsa, latuluka bwino, mayi?
Nasibeko anati, lanuli sindingalisokoneze ndi la wina.
Anaseka njira yonse. Madzulo anakana kusamba m'manja.

Kumanda kwawo kulibe chiliza.
Simenti inakwera mtengo chaka chomwecho,
ndipo mtanda wa thabwa, thabwa locheka okha,
chiswe chinaumaliza mvula yachiwiri isanathe.

Sindinama, dzanja limeneli linanditchayapo mbama
tsiku lomwe ndinagulitsa fayilo yawo yonolera sowo
kuti ndikaonere mpira ku kanema.
Ndi lomwelinso linagwira chishalo kumbuyo
pamene ndinkaphunzira njinga pa mtsetse wa kusitolo,
n'kundisiya ine osadziwa,
ndikukuwabe kuti musasiye, musasiye.

Dzulo wina anamatapo pepala
la sing'anga wobweza mkazi wothawa.
Ndalikanda ndi kiyi wa loko,
guluu wotsala ndanyowetsa ndi malovu.
Ndere zayamba kumera pakati pa zala.
Nsomba imodzi anaigwetsa diso ana oponya miyala.

Ndimatsamiritsa njinga m'chiuno,
n'kuika dzanja langa m'dzanja lawo.
Likadali lalikulu kuposa langa.
Zala zinayi zimalowa, chilichonse m'nyumba mwake,
chachisanucho chimasowa khomo,
chimangokhala panja, pa dongo lozizira,
ngati mwana wofika mochedwa atatseka kale.

Kumbuyoku belu likulira, ngiri ngiri.
Aise, tasuntha, mlathowu si wa bambo ako!

Sindiyankha.
Ndimapukuta dzanja pa thalauza,
n'kukankha.